Thabwa limapuma: mbiri ya pakona pa chitseko

Papita masabata angapo ndisanalembe kanthu chifukwa ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso a ana. Lero ndabwera ndi nkhani yomwe ena mwa inu muiona ngati yachibwana, nkhani ya tebulo. Koma mundilole, chifukwa tebulo limeneli landiphunzitsa mbiri yomwe sindinaipezemo m'mabuku omwe ndakhala ndikuphunzitsira zaka zonsezi.

Mu February chaka chatha ndinagula tebulo lodyerapo kwa mnyamata wina wokhoma mipando m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Chimbiya. Linali lokongola, la paini, lopakidwa vanishi wonyezimira moti munthu umadziona nkhope. Ndinalipira mosanyinyirika, anyamata awiri n'kulinyamula mpaka kunyumba. Miyezi ya mvula inatha bwino, ya chisanu inathanso bwino. Tsono usiku wina mu October, kukutentha kuja mukukudziwa, tinamva kulira kuti thwaa! pabalaza ngati wina waswa nsungwi. Kutacha mayi a kunyumba anandidzutsa n'kuti, "Bambo, kaoneni, tebulo lanu lija likuseka." Kupita kukaona, thabwa la pamwamba linali litang'ambika kuchokera kumapeto mpaka pakati, mng'alu woti cholembera n'kugweramo.

Chomwe chinandipweteka mtima n'chakuti pafupi ndi tebulolo pali kabati ya malemu agogo anga aamuna. Anaikhoma okha ndi matabwa a mbawa bambo anga asanabadwe, ataphunzira ukalipentala ku Nkhoma. Kabatiyi yakwerapo ngolo, yakwerapo lole, yasamuka nafe kasanu konse pamene boma limandisuntha sukulu ndi sukulu, koma zitseko zake zikutsekabe bwinobwino, ndipo pakona pa zitsekozo palibe msomali ngakhale umodzi. Tebulo la miyezi 8 lasweka, kabati ya zaka zoposa 70 ili chilili. Funso limeneli silinandipatse tulo.

Ndinachotsa chitseko chimodzi cha kabatiyo n'kupita nacho kwa mkulu wina wachikulire yemwe amapala matabwa kuseri kwa msika. Masiku ano sagwira ntchito kwambiri, maso ayamba kuvuta, koma manja akadali anzeru. Anachitembenuza kangapo, kenako anakankha thabwa la pakati ndi chala chachikulu. Thabwalo linasuntha pang'ono, n'kulira kuti khwe.

"Mwamva, aphunzitsi?" anandifunsa.

Ine ndinati, "Ndamva madala, ndiye kuti nachonso chayamba kugwedera."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi, sichikugwedera. Amene anakhoma ichi anali mmisiri. Thabwa ili sanalimate, sanalikhomere, anangolilowetsa m'kangalande kuti liziyenda. Mtengo mukaudula umaleka kukula, koma kupuma suleka. Mvula ikabwera umamwa chinyezi n'kufufuma, dzuwa likaswa mtengo umabwerera. Mukaumanga manja ndi miyendo ndi misomali, udzimasula wokha, ndipo ukamadzimasula ndiye kung'ambika kuja."

Zomwe ananena mkuluyu n'zomwenso amanena a sayansi. Thabwa limafufuma ndi kunyala m'mimba mwake, koma m'litali silisintha kwenikweni. Thabwa lotambalala ngati la tebulo lingathe kusintha ndi mamilimita angapo pakati pa dzinja ndi chilimwe. Ife a kuno ku Dedza tikudziwa zimenezi ngakhale sitinaziganizirepo: mu February chitseko chimakana kutseka mpaka kuchimenya ndi phewa, mu October chomwecho chimasiya mpata wolowera mphepo. Mnyamata uja anatenga matabwa aawisi, n'kuwakhomera ndi misomali pa mitanda yopingasa. Matabwa atayamba kuuma anafuna kunyala, misomali inakana, ndiye chinatsala n'chiyani?

Njira yothetsera vutoli ndi yakale kwambiri. Mmisiri amapanga felemu la timatabwa tinayi tating'ono m'mimba, tomwe sitisintha kwambiri, n'kutilumikiza m'makona ndi dzino lolowa m'bowo, chomwe amisiri athu amangoti motisi ndi tenoni. M'kati mwa felemulo amakumba kangalande kuzungulira, ndipo thabwa lalikulu la pakati, panelo, limakhala m'kangalandemo momasuka. Mphamvu yonse ili pakona. Kona ikagwira, chitseko chagwira. Tsono ine monga mphunzitsi wa mbiri ndinayamba kudzifunsa kuti kodi nzeru imeneyi inafika bwanji m'manja mwa agogo anga, ndipo inatuluka bwanji m'manja mwa zidzukulu zawo?

Makolo athu ndi mtengo

Tisanamizane kuti makolo athu sankadziwa mtengo. Ankaudziwa kuposa ife. Koma luso lawo linali losema, osati lolumikiza matabwa. Mtondo, munsi, ng'oma, bwato, mpando wa mfumu, chipande, zonsezi zinkachokera ku chipika chimodzi, chosemedwa ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Pomwe pankafunika kulumikiza, ankamanga ndi luzi: nkhokwe, phaso la nyumba, khola, ngakhale chitseko chomwe, chomwe chinkalukidwa ndi bango kapena nsungwi n'kumatsekedwa ndi mpiringidzo. Ndipo mukaganiza bwino, luzi limachita zomwe mkulu uja ananena. Limagwira koma limalola mtengo kuyenda.

Komanso dzino lolowa m'bowo silinali lachilendo kwa iwo. Tengani khasu la agogo anu muone. Msuka wa khasu umalowa m'bowo la mpini lomwe analiboola ndi chitsulo chamoto, ndipo mukamalima ndi pomwe umalimbirako. Likagwedera mumaliviika m'madzi kuti mpini ufufume. Munthu amene anatulukira zimenezi ankadziwa bwino lomwe kuti mtengo umapuma.

Matabwa ochekedwa anayamba kuoneka ndi amalonda a kugombe la nyanja ya mchere. Kuyambira cha m'ma 1840, a Jumbe a ku Nkhotakota ankakhoma zombo za matanga zowolotsera minyanga ndi akapolo pa nyanja yathu, ndipo chombo chotere sichisemedwa ku chipika chimodzi, chimafuna matabwa ndi amisiri odziwa kuwalumikiza. Mu 1866 David Livingstone atafika kwa Mataka, mfumu ya Ayao kutsidya kwa nyanja, anapeza anthu ayamba kumanga nyumba za makona anayi potengera Aluya. Nyumba ya makona anayi imaitana mphuthu zowongoka ndi chitseko cha thabwa. N'zomvetsa chisoni kuti luso limeneli linabwera pa msana pa malonda oipa chotere, koma mbiri siisankha zokoma zokhazokha.

Amishoni ndi puleni

Sowo, puleni, tchizulo ndi sikweya zinafala ndi amishoni. Gulu loyamba la Livingstonia lomwe linafika ku Cape Maclear mu 1875 linali ndi anthu 8 okha, ndipo mmodzi mwa iwo, George Johnston, anali kalipentala. Izi zikutiuza momwe Asikotishi aja ankaonera ntchito yawo: Baibulo dzanja lino, puleni dzanja linalo. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi manja a anthu akuda omwe ankaphunzira ntchitoyo ali pa ntchito pomwepo. Mu 1894 Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, komwe anyamata ankasaina kuti akhala zaka zingapo akuphunzira ukalipentala, zomangamanga, zosindikiza mabuku ndi zina. Ambiri mwa iwo anakagwira ntchito mpaka ku Rhodesia, ku Congo ndi ku Joni.

Kuno kuchigawo chapakati nkhaniyi inadzera kwa amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, omwe anayamba ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ndiponso kwa ansembe a White Fathers omwe anafika ku Mua mu 1902, kenako n'kukwera phiri kudzatsegula Bembeke. Mishoni iliyonse inkafuna zitseko, mawindo, mabenchi a m'tchalitchi, makabati a kuchipatala ndi madesiki, ndipo zonsezi sizikanatheka kuitanitsa kunja. Matabwa ankachekedwa pa dzenje, munthu mmodzi pamwamba wina pansi utuchi ukumuthira m'maso, monga amachitirabe ena m'mapiri athuwa. Misomali inali yodula ndiponso yochokera kutali, choncho mmisiri ankaphunzira kulumikiza mtengo ndi mtengo unzake. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924 linayamikira kwambiri amishoni a ku Nkhoma chifukwa chophunzitsa ntchito zamanja zothandiza kumudzi. Ena amadzudzula kuti maphunziro otere ankafuna kuti munthu wakuda athere pa ntchito zamanja basi, ndipo kudzudzulako kuli ndi mfundo. Komabe kabati ya agogo anga ndi mwana wa maphunziro amenewo, ndipo sindingaikane.

Kona yomwe amishoni anaphunzitsa ndi ya ku Ulaya, komwe zitseko ndi mabokosi a mapanelo zinafala m'zaka za m'ma 1400. Thabwa loimirira limapita lonse kuchokera pansi mpaka pamwamba, lopingasa limadzagunda m'mbali mwake mowongoka, dzino lake n'kulowa m'bowo mpaka kutulukira kuseri, komwe amakhomerako timphero tiwiri ta mtengo kuti lisabwerere. Mukaona chitseko chakale cha tchalitchi kapena cha ofesi ya kwa DC, yang'anani m'mphepete mwake, mudzaona timakona anayi ta mtundu wosiyana pang'ono. Amenewo ndi mano aja.

Akatswiri a kona ali ku China

Pofufuza nkhaniyi pa intaneti ndinakumana ndi zojambula za mipando yakale ya ku China, ndipo ndinakhala pa kompyuta mpaka magetsi anandithawa. Abale, ife tikamva kuti katundu ndi wa ku China timaganiza za loko wothyoka tsiku lomwelo ndi nsapato zosafika Khirisimasi. Koma pa nkhani yolumikiza matabwa, anthu amenewa ndi akamuna.

Pamalo otchedwa Hemudu, m'chigawo cha Zhejiang, akatswiri ofukula zakale anapeza mitengo ya nyumba yokhala ndi mano ndi mabowo ya zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, yosemedwa ndi zida za miyala, chitsulo chisanadziwike. Nsanja ya mitengo ya kachisi wa Fogong, yotalika mamita 67, inamangidwa mu 1056 ndipo yapirira zivomezi zambiri mpaka lero. Mu 1103 mkulu wina wa boma, Li Jie, anatulutsa buku la malamulo a kamangidwe lotchedwa Yingzao Fashi, lokhala ndi zojambula za malumikizidwe a mitengo. Amisiri a kumeneko ali ndi kholo lawo lomwe amalilemekeza, Lu Ban, ndipo buku la amisiri lotchedwa ndi dzina lake linkagwiritsidwa ntchito m'nthawi ya mafumu a Ming, omwe analamulira kuyambira 1368 mpaka 1644.

Mipando yomwe dziko lonse limaitama inapangidwa kumapeto kwa nthawi ya Ming ndi kuchiyambi kwa mafumu a Qing. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mu 1567 mfumu inafewetsa lamulo loletsa malonda a panyanja, ndipo mitengo yolimba ya kumaiko otentha a kumwera inayamba kulowa yambiri. Iwiri yotchuka ndi huanghuali ndi zitan. Zitan ndi wa banja limodzi ndi mlombwa wathu, ndipo huanghuali ndi m'bale wake wa phingo. Mitengo yolimba chotere imalola mmisiri kusema mano ang'onoang'ono osathyoka, ndiye amisiri a m'dera la Suzhou anafika nalo patali luso limeneli.

Kona yawo imasiyana ndi ya amishoni. Iwo sankafuna kuti kumapeto kwa thabwa, komwe kumaoneka timabowo ta mitsempha ya mtengo, kuonekere pamwamba. Choncho matabwa awiri a felemu ankawadula mopendeka, madigiri 45, kuti akumane ngati kona ya felemu la chithunzi. Koma kona yotere payokha ilibe mphamvu, n'chifukwa chake mafelemu a zithunzi za ukwati wathu amakanuka. Nzeru yawo inali yobisa dzino m'kati: kunja mukuona mzere umodzi wopendeka, m'kati thabwa lalitali lili ndi dzino lolowa m'bowo la thabwa lalifupi. Panelo la pamwamba pa tebulo ankalipala kukhala lopyapyala, n'kulisiyira kalilime kuzungulira kolowa m'kangalande ka felemu. Kuti lisapindike, pansi pake ankakumba tingalande topingasa, totambalala m'kati n'kupanikiza kukamwa, n'kulowetsamo mitanda ya maonekedwe omwewo mochita kukankha kuchokera m'mbali. Mtanda wotere sungazuke, umagwira panelo kuti likhale lathyathyathya, komabe panelo limatha kutsetsereka pa mtandawo likamafufuma kapena kunyala. Nsonga za mitandayo zimalowa m'mabowo a felemu. Ndiye onani: chomwe mnyamata wanga anachita ndi misomali 20, iwo ankachita popanda msomali, ndipo thabwa limatsala ndi ufulu wake.

Palinso kona ina yomwe inandizunguza mutu, pomwe matabwa atatu amakumana: awiri a felemu la pamwamba ndi mwendo. Onse atatu amadulidwa mopendeka moti kunja mumangoona mizere itatu yokumana pa nsonga imodzi, pomwe m'kati mwendo uli ndi mano awiri, lalitali ndi lalifupi, kuti asagundane. Amaitcha zongjiao, kutanthauza kona ya kamkate ka mpunga kokulungidwa m'masamba, poti imafanana nako. Guluu ankagwiritsa ntchito pang'ono chabe, wopangidwa kuchokera ku nsomba, yemwe amasungunuka ndi madzi otentha. Kotero mpando unkatheka kuumasula wonse, kuunyamula ulendo, kusintha chomwe chathyoka, n'kuubwezeretsa.

Nditamuonetsa mkulu uja zojambulazi pa foni, anaziyang'ana nthawi yaitali atayandikiza kumaso. Kenako anati, "Aphunzitsi, kona iyi ndi yokongola koma ndi yosakhululuka. Thabwa likakhala laliwisi pang'ono pokha, ikauma idzayasamula kukamwa cha m'kati. Amene ankapanga izi anali ndi matabwa ogona zaka, ndiponso bwana wosafulumira." Ndinazizwa, chifukwa munthu amene sanaonepo mpando wa Ming anatchula vuto lenileni la kona yopendeka pongoona chithunzi.

Musaganize kuti ku China luso limeneli silinadwalepo. Mipando yambiri yakale inatayika pa nkhondo ndi pa chipwirikiti cha Cultural Revolution cha 1966 mpaka 1976, pomwe zinthu zakale zinkaonedwa ngati zonyansa. Zomwe tikudziwa lero zinasungidwa ndi anthu ochepa omwe anakhala pansi ndi amisiri okalamba, kumasula mipando n'kujambula kona iliyonse. Mjeremani wina, Gustav Ecke, anatulutsa buku la zojambula zotere ku Beijing mu 1944, ndipo katswiri wa ku China komweko, Wang Shixiang, yemwe anamwalira mu 2009, anathera moyo wake pa ntchitoyi n'kutulutsa mabuku ake akuluakulu m'zaka za m'ma 1980. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Momwe tinatayira kona

Nanga kuno chinachitika n'chiyani? Ine ndikuona zinthu zingapo, ndipo palibe chimodzi mwa izo chomwe ndi ulesi wa anyamata athu monga amanenera ena.

Choyamba ndi mtengo womwewo. Agogo ankagwira mbawa, mlombwa ndi mkungudza wa ku Mulanje. Boma la atsamunda, kenako lathu, linadzala paini m'mapiri a Dedza, Chongoni, Zomba ndi ku Chikangawa, komwe nkhalango yake inafika mahekitala 53,000. Paini anatipatsa matabwa otsika mtengo, ndipo tisamunyoze, wafolera nyumba zambiri. Koma ndi wofewa, ndipo masiku ano amadulidwa asanakhwime n'kugulitsidwa akudontha madzi. Kale thabwa linkasanjidwa pamthunzi, timitengo pakati, miyezi ingapo lisanaone puleni. Lero mnyamata alibe mpamba wogulira matabwa oti agone miyezi isanu. Amagula Lolemba ndi ndalama ya chikole yomwe mwamupatsa, Lachisanu mwabwera kudzatenga katundu.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito yofulumira. Mu 1994 sukulu za pulayimale zitakhala zaulere, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo madesiki ankafunika ambiri, msanga, motchipa. M'zaka zomwezo mliri wa Edzi unasandutsa amisiri ambiri kukhala okhoma mabokosi a maliro. Tonse tikukumbukira zikwangwani zija m'mbali mwa misewu. Bokosi limafunika lero lomwe, ndipo palibe amene adzabwere kudzadandaula kuti kona yakanuka. Mbadwo wonse wa anyamata unaphunzira ntchito pa mabokosi, ndi hamala ndi misomali. Komanso mliri womwewo unatenga amisiri ambiri a zaka zapakati, omwe akanakhala mlatho pakati pa agogo ndi zidzukulu.

Chachitatu ndi ife aphunzitsi ndi makolo. Sukulu za sekondale zochepa zomwe zinali ndi phunziro la ukalipentala zinasiya zipinda zake kusanduka mosungira mabuku ong'ambika ndi matumba a chimanga. Mwana akalephera mayeso timati, "Basi, apite akaphunzire za matabwa," ngati kuti ntchito yofuna kuyeza mpaka theka la milimita ndi ya anthu olephera masamu. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Amene amadutsa kumeneko amaphunzira motisi ndi tenoni. Koma akatuluka amakumana ndi chachinayi, chomwe ndi ine ndi inu, ogula. Tikafika pa shedi timafunsa mtengo, kenako timayang'ana kunyezimira kwa vanishi. Ndani wa ife anagwadapo n'kusuzumira pansi pa tebulo? Ine sindinatero. Mmisiri amene wataya masiku awiri akuboola mabowo ndi tchizulo sangapikisane ndi mnzake amene wakhoma matebulo atatu tsiku limodzi, ngati wogula sakuona kusiyana kwake. Tsono ndani anaswa tebulo langa, mnyamata uja kapena ine?

Mitengo yathu, makona a eni

Pali mbali ina ya nkhaniyi yowawa kwambiri. China italemera, anthu ake anayambanso kukonda mipando ya makolo awo. Yakale yeniyeni inakwera mtengo modabwitsa: mu March 2015, pa malonda a Christie's ku New York, mipando inayi ya huanghuali inagulidwa pa madola pafupifupi 9.7 miliyoni. Amene sangakwanitse yakale amagula yatsopano yopangidwa mofanana, yomwe amaitcha hongmu, kutanthauza mtengo wofiira. Mitengo ya ku Asia itatha, amalonda anatembenukira ku Africa. Mukula, womwe umafanana ndi zitan, unayamba kutuluka m'nkhalango za Zambia, Congo ndi maiko oyandikana nawo pa malole osawerengeka. Ku Mozambique nkhalango za Tete ndi Zambezia zinapululuka. Kuno kwathu, mu November 2016, anthu 35, ena a ku Mozambique, ena a ku China, ena Amalawi anzathu, anagwidwa akudula mitengo ya tsanya m'nkhalango yotetezedwa ya Lengwe ali ndi mathirakitala ndi malole, ndipo khoti linawapeza olakwa.

Pano pali chinthu chomwe Amalawi ambiri sadziwa, chomwe tiyenera kunyadira. Pa msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi, womwe unachitikira ku Geneva mu 2019, dziko la Malawi ndi lomwe linapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zilowe m'ndandanda wa mitengo yosagulitsidwa kunja popanda chilolezo, ndipo maiko anavomera. Mu 2022 ku Panama anawonjezeramo abale onse a mlombwa a mu Africa pamodzi ndi mbawa. Ganizirani, mbawa ya kabati ya agogo anga lero ili m'ndandanda wa dziko lonse wa mitengo yofunika kuiteteza.

Sindikunena izi kuti tidane ndi anthu a ku China. Mlendo sadula mtengo m'nkhalango popanda mwini mudzi womulozera njira ndi wina womudindira mapepala. Chomwe chikundiwawa n'chakuti chipika chimachoka kuno pa mtengo wa mbuzi, chikafika uko chimakumana ndi mmisiri wodziwa kona, n'kusanduka tebulo la mtengo wa nyumba. Kusiyana kwa mbuzi ndi nyumba ndi luso basi. Ife tatsala ndi zitsa ndi matebulo oseka.

Zomwe ndachita

Tebulo lija sindinalitaye. Ndinabwerera nalo kwa mnyamata yemwe anandigulitsa, osati kukakangana, koma kukamupempha kuti tipite limodzi kwa mkulu uja. Poyamba anachita manyazi, koma anavomera. Matabwa anali atauma okha tsopano. Anazula misomali yonse, anacheka pomwe panang'ambika, ndipo kwa masiku anayi mkuluyo anakhala pa chitsa akulozera ndi ndodo, mnyamata akuboola. Anapanga felemu, anakumba kangalande, analowetsa panelo popanda guluu. Kona ndi ya amishoni, yowongoka, poti mkuluyo anati paini sangaithe ya ku China. Koma mitanda iwiri ya pansi anaiyesa mwa njira ya pa chithunzi chija, yolowetsa mokankha kuchokera m'mbali, ndipo itagwira mnyamatayo anaimirira n'kunena kuti, "Agogo, ndiye kuti misomali ija ndimangotaya ndalama?" Ndinalipira kawiri tebulo limodzi, mayi a kunyumba sanasiye kundikumbutsa, koma ladutsa dzinja lonse ndi chilimwe china osalira.

Kusukulu ndapachika thabwa limodzi la paini kumbuyo kwa kalasi ya Fomu 3. Mwezi uliwonse ana amaliyeza m'mimba ndi m'litali n'kulemba pa tchati. Aphunzitsi anzanga amandiseka kuti mphunzitsi wa mbiri walowerera za sayansi, koma ana aona okha kuti nambala imodzi ikuyenda, inayo yaima. Ndawapatsanso ntchito ya tchuthi: aliyense akapeze chinthu chakale kwambiri cha matabwa m'mudzi mwawo, chitseko, kabati, benchi la m'tchalitchi kapena bokosi lomwe agogo anabwera nalo kuchokera ku Wenela, akajambule kona yake, akafunse amene anachipanga ndi komwe anaphunzira. Wang Shixiang anayamba chomwecho, kufunsa okalamba nthawi isanathe. Amisiri omwe anaphunzira kwa amishoni atsala owerengeka, ndipo aliyense akamwalira amapita ndi makona ake kumanda.

Inunso abale, mukapita kumudzi kayang'aneni chitseko cha kabati ya amayi anu. Kankhani thabwa la pakati ndi chala. Likasuntha pang'ono musaitane wokhoma misomali, mufunse dzina la amene anaipanga mulilembe penapake. Ndipo tsiku lomwe mudzapite kukagula tebulo, gwadani musuzumire pansi, mufunse kuti matabwa anagona miyezi ingati, ndipo mmisiri akakuuzani kuti mudikire komanso muwonjezere ndalama pang'ono, musamuthawe.

Belu la mawa silichedwa, ndipo makope a Fomu 1 akundidikira pa tebulo lomwe lija.